Mpeni Wachitatu

3 Malichi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Kuno tilipo, kungoti bambo miyendo ikumawatupa, koma mukudziwa kale, kuwatchulira za chipatala ndi kuputa ndewu. Alamu anu akupereka moni.

Ndisazungulire. Mpeni wa pamwamba wa makina odulira malata wathyoka. Unangoti phwa! alamu anu ali mkati modula, pa bawuti ya pakati penipeni. Makinawa mukuwadziwa, ndi omwe aja munkawaponda ndi phazi muli mwana, ndipo ndi okhawo tili nawo. Tayenda m'masitolo onse a zitsulo, aliyense akutiseka, akuti makina a mtundu umenewu anasiya kupangidwa ife tisanabadwe.

Chikundidya mtima ndi ichi. Mwezi watha tinapeza ntchito imene sitinaionepo chimangireni shedi ino: makabati a malata a sukulu ina yogonera konko, mwana aliyense yake. Akufuna tikapereke pa 30 Epulo. Mkulu wa sukuluyo ananena poyera kuti tikachedwa ndi tsiku limodzi apereka kwa ena, ndipo sadzatiyang'ananso. Malata tinaunjika kale mpaka kudenga, podutsa palibe. Tayesa kudula ndi sizasi ya manja, m'mphepete mukutuluka ngati mwalumidwa ndi galu, zitseko zake sizikutsekeka.

Bambo asula mipeni iwiri kuchokera ku masipuling'i a lole. Yonse itangolowa mu oyilo inapindika ngati nthochi. Mpeni wautali ngati mkono ukapindika pang'ono pokha sudula, umangotafuna. Tsopano amangokhala pa chipala kuyang'ana moto.

Sakudziwa kuti ndikukulemberani. Zaka zisanu ndi chimodzi zatha osakutchulani m'nyumba muno, chichokereni tsiku lija munawauza kuti ntchito yawo ndi yongolota ndi maso, iwo n'kukuponyerani chikwama panja. Ine sindikuweruza mlandu umenewo. Ndikungodziwa kuti inu tsiku ndi tsiku mumaphika zitsulo ku fakitale m'dziko la eni kumeneko, ndipo ife tikumira. Ngati pali chimene mungachite, chitani.

Ine mlongo wanu.

21 Malichi

Chemwali wanga,

Kalata yako ndalandira, ndipo ndaiwerenga katatu nditaimirira pa geti. Ine ndili bwino. Uwapatse moni alamu. Bambo uwakakamize ndithu apite akawaone miyendoyo.

Dzulo ndapatsira phukusi dalaivala wina wa lole yobwera kumeneko. Muli zitsulo zitatu, ndazidula kale pa muyeso wa mpeniwo, ndimaukumbukira ngati dzanja langa. Chimodzi chikanakwana, zinazo ndi zoti mukalakwitsa musalire. Usandifunse kuti ndazipeza bwanji.

Tsopano mverani bwino, chifukwa chitsulo chimenechi si cha sipuling'i. Kuno timapangira mipeni ya makina ndi zoboolera, chifukwa sichitha msanga, ndipo pochilimbitsa sichipindika. Sichifuna madzi, sichifuna oyilo. Chimalimba ndi mphepo yokha. Pa chitsulo chimenechi bambo aiwale zonse zimene amadziwa za kuviika.

Choyamba, chikufika chili chofewa kale. Musachiyandikitse ku moto musanamalize kuboola mabowo a mabawuti ndi kupala ndi tupa. Mukangochifiiritsa n'kuchisiya kuti chizizire, chalimba basi, palibe choboolera chimene chidzalowe. M'makona musasiye pakuthwa, pazungulizeni pang'ono, ming'alu imayambira pamenepo.

Chachiwiri, moto wa makala sungathandize, umapsereza kwina kwina kusanatenthe. Funani ng'anjo ya magetsi yokhala ndi choyezera, ngati ija amaotchera makapu ndi mbale za dothi. Kulungani mpeniwo mu pepala lachitsulo lopyapyala limene ndaika m'phukusi, kuti khungu lake lisapse. Kwezani moto pang'onopang'ono kufika madigiri 650, dikirani theka la ola. Kenako kwezani kufika 960, ukhale pamenepo mphindi makumi anayi. Tulutsani, vulani pepalalo msanga, uimikeni pa waya pamene mphepo ikuuzungulira mbali zonse. Musaugoneke pa simenti. Uzizire wokha mpaka muzitha kuugwira ndi dzanja osapsa.

Pepalali ladzaza, ndikupitiriza pa lina.

Chachitatu, ndipo apa ndiye pali moyo wa munthu. Mpeni ukafika pamenepo walimba, inde, koma walimba ngati galasi. Musauike pa makina, musaunole, musaugonetse n'komwe. Ukadali wofunda ulowe mu uvuni wa madigiri 200, ngakhale wophikira buledi, maola awiri. Tulutsani, uzizire, ubwererenso maola ena awiri. Kumeneku ndi kubweza. Mukapanda kubweza udzaphulika pa makina ngati botolo.

Izi bambo amazidziwa kuposa ine. Ndi iwo anandiphunzitsa kubweza tchizulo, atandigwira dzanja, tikudikira kuti nsonga isanduke mtundu wa udzu wouma. Tsiku langa loyamba kuno, kapitawo anandifunsa amene anandiphunzitsa, ndinanena kuti bambo anga, ndipo ndinanena monyada. Zimene ndinawauza tsiku lija zinali za mwana wopusa. Ngati ungathe, uwawerengere ndime ino.

Ine mlongo wako.

29 Malichi

Achimwene,

Moni. Phukusi lafika Lachitatu, dalaivala anangolitula pakhomo n'kupita. Tinafufuza mkati monse, ngakhale kakalata kamodzi munalibe. Zitsulo zitatu ndi chipepala chonyezimira basi. Kodi munaiwala kuikamo, kapena simunafune kulemba kalikonse kopita m'nyumba ino?

Bambo anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ndiye kuti unakapempha." Ndinavomera. Sanakalipe. Anatenga chimodzi, anachigogoda ndi nyundo, anamvetsera kulira kwake, ndipo ndinaona nkhope yawo ikumasuka koyamba mwezi uno. Anati, "Chitsulo ndi chabwino. Tichifewetse kaye tisanaboole."

Anachiika pa makala mpaka chinafiira, anachisiya pambali kuti chizizire monga amachitira nthawi zonse. M'mawa mwake alamu anu anayamba kuboola. Achimwene, choboolera chinalira ngati nkhumba, chinafuka utsi, chinathyoka. Chachiwiri chimodzimodzi. Chachitatu tinachita kubwereka kwa amakanika a tsidya lina la msewu, nachonso chinapita. Pa chitsulopo pangotsala timadontho tonyezimira. Tupa ikungotsetsereka ngati pa mbale.

Bambo anachibwezeranso pa moto kawiri, chikungolimbirabe. Dzulo anachiponya pakona n'kunena pamaso pa aliyense kuti, "Wanditumizira dala. Akufuna anthu aone kuti nkhalamba yatha nzeru." Ndinawauza kuti si zoona, koma ndinalibe chowaonetsa.

Kodi ndi zoona, achimwene? Sindikukhulupirira, koma lembani mundiuze. Kwatsala mwezi umodzi.

Mlongo wanu.

9 Epulo

Achimwene,

Ndikhulupirira muli moyo. Kalata yanu ya pa 21 Malichi yafika Lachisanu, itayenda masabata awiri, kaya inadzera kuti. Tsoka lake anakaitenga ku positi ndi bambo, ine ndinali ku msika.

Nditabwera ndinawapeza aiika m'thumba la ovolosi, akuboola chitsulo chachiwiri chili chozizira. Chinabooka ngati sopo. Ndinasangalala, ndinati atsatira zimene mwalemba. Ndinawapempha kalatayo, anati, "Walembera ine kapena iwe? Akuti ndiiwale zonse. Zaka makumi anayi pa chipala, ndiiwale."

Loweruka anakoleza makala, anachifiiritsa mpaka chinayera, anachiviika mu oyilo. Tinamva tonse, kaphokoso kakang'ono, thi! Atachitulutsa, mng'alu unali utayenda kuchokera pa bowo loyamba mpaka lachitatu. Alamu anu anagwira kumutu. Bambo anatulutsa kalata yanu n'kuiponya pa makala. Ndinalowetsa dzanja pamoto, ndapsa zala ziwiri, ndi chifukwa chake zilembozi zikukhota. Ndinapulumutsa pepala loyamba lokha. Lachiwiri linapsa ndikuona.

Langa likuthera poti uzizire mpaka tizitha kuugwira ndi dzanja, ndiye mwati mukupitiriza pa lina. Kodi pa linalo munalemba chiyani? Alamu anu akuti mwina anali malonje chabe ndi nkhani za kumeneko, popeza chitsulo chikazizira ntchito yatha. Ine mtima sukundikhazikika. Ndawafunsa bambo, akuti sanawerenge ndipo sakufuna kumva.

Chitsulo chachitatu ndachibisa pansi pa matiresi athu. Ndikugona pa icho, msana ukuchita kuwawa. Chonde, chonde, lembaninso pepala lachiwirilo tsiku lomwelo mulandire ino.

Mlongo wanu.

20 Epulo

Achimwene,

Moni ngati mukufuna moni wanga. Tsiku lililonse ndikupita ku positi, mpaka mayi wa pa kauntala akumangopukusa mutu ndisanatsegule pakamwa. Makalata awiri ndakulemberani, inu zii.

Ndikudziwa, ndinalakwa kukuuzani mawu a bambo aja, akuti munatumiza dala. Mwakwiya. Koma mukakwiyira bambo, ine ndalakwanji? Alamu anu alakwanji, munthu amene wakhala akuwapirira bambo zaka zonsezi m'malo mwanu? Inu muli pabwino kumeneko, mumadzuka, mumapita ku ntchito, ng'anjo zanu zili ndi mawotchi. Ife tikudzuka kuyang'ana mulu wa malata umene wayamba kuchita dzimbiri m'mphepete.

Mkulu wa sukulu anabwera Lachiwiri. Anayang'ana makina opanda mpeni, anayang'ana ife, anafunsa kuti makabati angati atha. Alamu anu anati zonse zili m'dongosolo. Sindinawamvepo akunama chikwatiraneni, mawu anawatuluka ngati a munthu wina. Alamu anuwo akuti mpeni ukangopezeka, kudula konse ndi kwa tsiku limodzi, ndipo tikamuonetsa mkuluyo malata odulidwa bwino mwina atiwonjezera sabata.

Ndiye sitidikiranso. Ndapeza mayi wina woumba makapu kuseri kwa siteshoni, ali ndi ng'anjo ya magetsi yokhala ndi choyezera. Poyamba anakana, anati ng'anjo yake si ya zitsulo. Nditamuonetsa zala zanga zopsazi anavomera. Mabowo alamu anu aboola kale mobisa, makona azunguliza monga munanenera. Lachinayi bambo akupita ku maliro a mnzawo wakale, tsiku limenelo ndiye tikaotcha. Sitiwauza. Awononga ziwiri, chachitatu sachikhudza.

Ngati pa pepala lija panali chofunika, mlandu ndi wanu.

Mlongo wanu.

25 Epulo

Achimwene anga!

Zatheka! Ndikulemba ndisanavule n'komwe nsapato. Tinatsatira pepala lanu mzere ndi mzere, mayi woumba uja akuwerenga mokweza ngati m'tchalitchi, ine diso pa wotchi. Titautulutsa unali wowala, maso amachita kuwawa. Tinauimika pa waya pabwalo, tinangoima atatu kuuyang'ana ukuda pang'onopang'ono. Alamu anu manja amawayabwa, amvekere, "Koma zoona osauviika ngakhale pang'ono?" Ndinachita kukhala pa chidebe cha madzi kuti asachiyandikire.

Utazizira tinaugoneka pa galasi la tebulo. Wowongoka, achimwene, ngakhale pepala silikulowa pansi pake. Tupa ikungoimba. Alamu anu anandinyamula pamaso pa mayi uja, manyazi anandigwira.

Mawa ukanoledwa kwa amakanika. Lolemba ndawanyengerera bambo kuti apite ku chipatala akawaone miyendo, avomera. Akamabwera adzapeza makina akudula.

Mawu oipa a m'kalata yapita ija muwaiwale, unali mtima chabe. Zikomo, zikomo.

Mlongo wanu.

27 Epulo

Chemwali,

MUSAUIKE PA MAKINA. Ngati mwauotcha kale, musauike. Usadikire kumaliza kalata ino, thamanga ukawauze alamu, ubwere uwerenge zotsalazo.

Makalata ako atatu ndawalandira lero m'mawa onse pamodzi, kwa mlonda wa pa hositelo ya fakitale. Sindikhalanso kumeneko. Zitsulo zija ndinazitenga m'bini ya zodula zotsala, zimene amakagulitsa ngati zinyalala. Wina anandiona. Pa 25 Malichi anandiitana ku ofesi, anandilanda khadi la pa geti ndi kiyi wa chipinda, anandipatsa ola limodzi loti ndilongedze. Ndikugona m'sitolo ya mnzanga wokonza matayala, kuseri kwa mulu wa machubu. Sindinakuuze chifukwa ndimati ndiyambe ndapeza ina. Ku hositelo ndimaopa kupitako, anati akandionanso aitana apolisi. Lero ndangolimba mtima n'kupitako. Sindinakwiye, chemwali. Ndikanakwiya bwanji?

Ndayesa lamya ya ku sitolo ya pakona panu kasanu, nambala sikulowa, kaya anasintha. Dalaivala uja anyamuka sabata ya mawa. Ndatsala ndi positi yokha, ndipo ndikudziwa mmene imayendera.

Pa pepala lachiwiri panali kubweza. Mpeni ukazizira uyenera kulowa mu uvuni wa madigiri 200 maola awiri, kawiri, tsiku lomwelo. Wosabweza ndi galasi. Ngati wagona masiku osabwezedwa, ndiponso mwaunola, mkati mwake mungakhale kale ming'alu yosaoneka ndi maso. Ukaluma lata udzaphulika, ndipo zidutswa zake zimapita pa msinkhu wa nkhope ya woponda makina. Kuno ndinaona munthu zitamuchitikira.

Afunseni bambo! Chimenechi amachidziwa, sangauone mpeniwo n'kulola kuti uikidwe. Pa pepala lomwelo ndinalemba kuti ndi iwo anandiphunzitsa kubweza, kuti ndimawanyadira, kuti ndinalakwa tsiku lija. Ndinaziika kumapeto chifukwa ndinachita manyazi kuyamba nazo. Ndikanayamba nazo.

Ukandiyankha ulembe pa adiresi ya wokonza matayala ili kuseriyi. Mulungu achite kuti ino ikupeze nthawi ilipo.

Mlongo wako.

30 Epulo

Achimwene,

Ndikulemba ndili pa benchi ya ku chipatala, pepalali ndapempha kwa namwino.

Dzulo m'mawa bambo atangonyamuka tinaumanga mpeni uja. Alamu anu analimbitsa mabawuti, anaika lata loyamba, anaponda. Linaduka bwinobwino, m'mphepete mosalala ngati nsalu. Lachiwiri chimodzimodzi. Anatembenuka kundiseka, anati, "Mayi, kawiritseni madzi a tiyi, lero tigwira ngati anthu." Ndinali ndisanafike pa chitseko pamene ndinamva ngati mfuti.

Ndinawapeza atagwada, manja onse kumaso, magazi akudutsa pakati pa zala. Sanalire. Amangoti, "Zimitsa, zimitsa," chonsecho makinawo si a magetsi. Zidutswa zinabaya mpaka denga. Magalasi awo otetezera maso anali pa msomali, anawavula chifukwa amachita nthunzi.

Amakanika anatinyamula pa galimoto yawo. Titalowa pa chipatala, munthu woyamba kumuona anali bambo, atakhala pa mzere ndi kakhadi kawo m'manja, kudikira za miyendo zija ndinawanamiza nazo. Anaimirira, anayang'ana mkamwini wawo, anayang'ana ine. Ndinawauza zonse pomwepo pa khonde. Anangofunsa funso limodzi: "Munaubweza?" Ndinati kubweza n'chiyani. Anakhala pansi, pa simenti penipeni, anthu akuwalambalala.

Adokotala achotsa chidutswa chimodzi pa tsaya, china pa khosi, akuti chinatsala pang'ono kudula mtsempha. Diso la kumanzere akuti palibe chimene angachite. La kumanja ali nalo mantha, mwalowa kachidutswa kakang'ono, akudikira dokotala wa maso amene amabwera Lachisanu. Awamanga maso onse awiri. Alamu anu akumandifunsa kuti kunja kwacha kapena ayi.

Lero ndi pa 30. Sindinapite n'komwe kukamuuza mkulu wa sukulu, adziwa yekha.

Ndiuzeni, achimwene, pa pepala lija panali za kubwezaku? Ngati panali chimenechi, ndipo munalandira makalata anga n'kukhala chete, musadzandilemberenso mpaka imfa. Ngati simunalandire, ndiye ndilibe womukwiyira, ndipo ndi zimene zikundiopsa kwambiri. Ndine ndinabisa chitsulo. Ndine ndinachotsa bambo pakhomo.

Mlongo wanu.

12 Meyi

Mwana wanga,

Ndine bambo ako. Sindinalembe kalata chimwalirireni mayi ako, ndiye zilembo uzipirire.

Kalata yako ya pa 27 inafika pa 6. Mlongo wako anaiwerengera pa positi pomwepo, anthu anachita kumugwira. Atafika nayo kunyumba anaiika patsogolo panga n'kunena kuti, "Iyi muwerenga yonse, ine ndili pompano." Ndawerenga yonse.

Ndikuuze za mlamu wako. Diso la kumanzere analichotsa. La kumanja dokotala walipulumutsa, likuona, koma akuti kuwala kwa moto ndi kwa kuwotcherera asakuyandikirenso. Anatuluka Lachinayi. Amakhala pakhonde chipewa chili kumaso. Sanandinenepo mawu oipa ngakhale amodzi, ndipo ndikanakonda akananditukwana. Ntchito ya sukulu anapatsa ena, anabwera ndi lole kudzatenga malata. Shedi ndatseka.

Tsopano za ine. Kalata yako yoyamba ija ndinawerenga mpaka pamene unati bambo aiwale. Maso anga anachita mdima. Ndinapitiriza pang'ono, ndinaona manambala a madigiri, ndinati wayambanso kundiphunzitsa. Pepala lachiwiri sindinalitambasule. Linakhala m'thumba langa usana wonse ndi tsiku lotsatira, pa chifuwa penipeni. Za oyilo ndinadziwa kuti ukunena zoona, chitsulo choyamba chinali chitandiuza kale. Ndinaviikabe, kuti mwina chingandimvere ine osati iwe.

Ndatolera zidutswa za mpeni uja, zina ndachita kuzula ku denga ndi pulayala. Pothyoka pake ndi posalala, pa mbuu ngati phulusa. Unalimba bwino kwambiri. Ana aja sanalakwitse kanthu pa zimene anawerenga. Chimene chinasowa ndi chimene ine ndimachita ndili mtulo. Ndinali m'nyumba momwemo, chipinda choyandikana, ndipo mwana wanga anaona kuti ndi bwino kugona pa chitsulo kusiyana ndi kundifunsa. Ameneyo ndinamupanga ndine.

Wanena kuti unalakwa tsiku lija. Unanena mwamwano, koma sunaname kwenikweni. Ine ndinakuponyera chikwama, iwe wataya ntchito chifukwa cha makina anga. Sindidziwa kuti zimenezi munthu amazikonza bwanji.

Usagonenso kuseri kwa matayala. Bwera kunyumba. Sindikuitanira ntchito, ntchito palibe.

Ine bambo ako.

Achimwene, ndine mlongo wanu. Kalatayi alemba masiku atatu, ang'amba mapepala asanu, sindinawathandize ngakhale liwu limodzi. Zimene ndinalemba ku chipatala zija, ngati zakupezani, ziwotcheni. Sindinawakhululukire bambo, ndipo ine mwini sindinadzikhululukire. Timadya pa tebulo limodzi osayang'anana. Alamu anu okha ndi amene akuyesa kutiseketsa, dzulo amati tsopano azindiona theka lokha ndiye tizikangana theka. Palibe anaseka, iwonso anasiya. Sindingathe kuwanyamula anthu awiriwa ndekha. Bwerani.

26 Meyi

Bambo,

Kalata yanu yandipeza. Wokonza matayala anandipeza nayo ndikupopa chubu, ndinalephera kumaliza, anamaliza yekha.

Sindikudziwa choyankha pa pepala. Ndayesa, zonse zikutuluka ngati za munthu wina. Alamu muwauze kuti ndikudziwa chimene ndawachita, ndipo sindibwera kudzadzitchinjiriza. Chemwali mumuuze kuti kalata yake ya ku chipatala sinandipeze, ndipo sindikaifuna ku hositelo.

Dalaivala uja wavomera kunditenga, ndizimuthandiza kumanga katundu m'njira. Tinyamuka Lolemba, akuti pa malire pakapanda kuvuta tifika Lachinayi masana. Adzanditsitsa pa siteshoni.

Ndikubwera wopanda kanthu, bambo. Nsapato ndi zomwe ndavalazi. Ndaonda, ndipo ndevu zayamba imvi, mwina simundizindikira msanga. Miyendo yanu ndikuidziwa, koma ngati ingalole, mubwere ndinu kudzandichingamira. Pa geti la nyumba ndekha sindikhulupirira kuti ndingathe kugogoda.

Ine mwana wanu.